Dzenje Lolekeza M'chigongono

Chaka chimene mkuwa unakwera mtengo mpaka anthu a ku Kitwe n'kumayenda ngati msewu ndi wa atate awo, ndicho chaka chimene anabwera kudzayeza malo a pa Kachere. Ufulu unali ndi zaka zinayi. Pa Kachere panali pa komboni yaing'ono, nyumba za zidina zofolera ndi malata a migolo, zothinana kuseri kwa msika wa Chisokone. Okhalapo ambiri anali a kum'mawa, a ku Katete ndi ku Chadiza, anthu olankhula Chibemba chothyokathyoka panja, koma akalowa m'nyumba n'kumakangana m'Chinyanja chawo. Kachere amene anapatsa malowo dzina anadulidwa kalekale. Unangotsala mtengo umodzi wa mango kumapeto kwa nyumba, kumene amayi ankataya phulusa.

Mbiri inamveka yoti pamalopo pamangidwa mafulati, nyumba yosanjikizana kasanu ndi kamodzi, ndipo mabwana atsopano a ku mgodi adzagula aliyense zipinda zake m'mwambamo, zikhale zakezake ngati mmene munthu amagulira njinga. Tangoganizani, kugula nyumba yopanda bwalo, yopanda ngakhale pokhuthulira madzi otsukira mbale! Anthu a pa Kachere anaseka mpaka nthiti kuwawa. Anasiya kuseka atamva kuti iwowo asamutsidwa.

Felistus, mkazi wa Patson Mbewe, sanasekeko n'komwe. Iye ankagulitsa tomato ku Chisokone, ndipo pa komboni yonse anali yekha mkazi wapabanja woitanidwa ndi dzina lake. Anzake anali amake uje, kapena bana uje monga amanenera Abemba, koma iye anali Felistus basi, ngati mtsikana wa pasukulu. Chinkamupweteka kwambiri, chifukwa mwana anali naye. Anali pansi pa mango uja.

Zinachitika zaka ziwiri m'mbuyomo, masana a dzinja, amuna onse ali ku ntchito. Mwana anabwera mwezi wachisanu ndi chitatu, wamkazi, watsitsi lake ndi zikhadabo zake, koma sanalire. Amene anamulandira ndi Zelipa, mzamba wa pa Kachere, mayi wa pakamwa polusa amene ankagulitsa kapenta. Mwana wobadwa atafa kwawo amamutcha nthayo, ndipo nthayo ili ndi malamulo ake. Siiliridwa, siipatsidwa dzina, siipita kumanda. Amaika ndi amayi okha, mwamuna safunsa ndipo sauzidwa pamene aika. Chachikulu ndi dzenje. Zelipa anakumba ndi kakhasu, n'kupisamo mkono, n'kulekeza m'chigongono. Anati nthayo ukaikwirira mozama wakwirira ndi mimba ya make yomwe, sadzaberekanso.

Felistus anaona zonsezo pa kabowo ka chitseko. Pofuna chokulungira mwana anavula duku lake la nayiloni, lobiriwira, limene Patson anamugulira pa tsiku la ufulu. Linali ndi chipsera cha simbi pa ngodya imodzi. Mumtima anamupatsa mwanayo dzina, Judith, ndipo sanauze munthu. Patson pobwera anauzidwa kuti zalephereka, ndipo anangowerama, osafunsa, monga mwamuna woleredwa bwino. Chimene anafunsa patapita mlungu ndi duku. Felistus anati latayika ku msika, ndipo Patson anang'ung'udza mwezi wathunthu za kusasamala kwa akazi.

Chibadwire nthayoyo Felistus sanaimenso, koma sanataye mtima. Dzenje linali losazama, ndiye njira inali yotsegula. M'mawa uliwonse pokataya phulusa ankalitayira pambali, n'kuima pang'ono pamthunzipo.

Msonkhano wa kusamuka unachitikira pansi pa mango womwewo, poti panalibe mthunzi wina. Amuna anakhala pa zidina kutsogolo, akazi pansi kumbuyo. Anabwera kalaliki wa kampani yomanga, dzina lake Reginald, wa tayi yofiira, mwana wa ku Chipata weniweni koma wolankhula Chibemba ndi Chingerezi ngati Chinyanja chingamudetse mano. Anafotokoza za malo atsopano, za lole yodzanyamula katundu, ndi zoti amuna amphamvu alembedwa ntchito yokumba maziko. Kenaka anatsegula pepala lina n'kunena kuti lamulo silola kumanga pa manda. Ngati pali munthu anaikidwa pano, anene tsopano, mafupa asamutsidwe mwaulemu. Anafunsa katatu.

Felistus anayamba kudzuka, koma mayi wina amene analipo tsiku la nthayo lija anamutsina pantchafu mpaka kusiya chizindikiro. Nkhani ya nthayo pamaso pa amuna makumi atatu? Ndi mwamuna wake ali pomwepo? Ndiponso akafunsa chifukwa chimene anaikira munthu pakati pa tauni popanda chikalata, ayankha ndani? Felistus anakhalanso pansi.

Amene anaimirira ndi Patson. Ku mgodi anamukana chifukwa cha chifuwa, ndipo kwa zaka zisanu ankangodya za maganyu, ndiye mawu akuti ntchito anali atamulowa m'mutu ngati kachasu. Anavula chipewa.

"Mukwai, bwana, pano palibe manda. Ife akufa athu timakaika ku manda a boma, ndife anthu a tchalitchi."

Amuna onse anavomereza, poti ankanena zoona zimene ankadziwa. Reginald analemba mzere umodzi n'kutseka pepala. Chidendene cha nsapato yake chinali pafupifupi phazi limodzi kuchokera pamene panagona Judith.

Anawasamutsa mwezi wotsatira, n'kukawatula kutchire, kutali ndi tauni, aliyense pa chikhomo chake cha nambala. Komboni inabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Telala amene ankasoka pakhonde anasowa omusokera, n'kugulitsa makina. Kwaya ya amayi inatha, poti ena anabwerera kwawo, ena anapita ku Luanshya. Otsalawo ankadzuka ndi nkhuku kuti akafike ku Chisokone dzuwa lisanakwere, ndipo pofika ankapeza malo awo atakhalapo ena. Pa Kachere anazunguliza mpanda wa malata atsopano, owala kuposa denga lililonse limene linakhalapo pamenepo. Pakhomo pake anakhomapo chithunzi cha mafulatiwo, ndi mayi wa nsapato zazitali akukankha kangolo ka mwana.

Patson analembedwa. Anapatsidwa piki, fosholo ndi ovolosi, ndipo anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Tsiku lililonse pobwera ankasimba za kukula kwa maziko, kuti nyumba yotalika chotero imafuna ngalande zozama kuposa manda a mfumu, zodzaza konkire ndi zitsulo. Ankasimba akudya, mosangalala, ndipo Felistus ankakankhira mbale yake pambali. Mwana wake akamira pansi pa zimenezo, ndiye kuti zatha zonse ziwiri, wakufayo ndi amene sanabwere. Anafunika kumuchotsapo ngalande isanafike pa mango.

Kufukula nthayo si ntchito ya make, ndi ya amene anaika. Felistus anasiya tomato kwa mnzake n'kukwera basi kupita ku Ndola, ku Nkwazi, kumene Zelipa anasamukira kwa mwana wake. Anamupeza atakalamba msanga, miyendo itatupa, koma pakamwa pali pomwe paja. Zelipa anamvetsera n'kulavula. Anati iye ntchito yake anaigwira bwino, analekeza m'chigongono, ndipo ngati a boma akufuna kumanga nyumba za mbalame si mlandu wake. Anati pamenepo palibe munthu, anali madzi chabe amene anatayika, ndipo mkazi wanzeru sayang'ana kumbuyo. Felistus atafunsa ngati angauze mwamuna wake, Zelipa anamuloza ndi chala.

"Ukamuuza wadula mwambo. Chidzachitikacho usadzabwere nacho kwa ine."

Felistus anabwerera ali ndi mkwiyo umene analibe poutula. Madzi? Madzi amakhala ndi zikhadabo? Anayesa yekha. Anabisa kakhasu pansi pa tomato n'kupita pa geti ya mpanda, koma mlonda anamuyesa wofuna kutola nkhuni ndipo anamuthamangitsa ndi Chibemba chokhadzula. Tsiku lina ananamizira kubweretsera mwamuna wake chakudya. Mlonda analandira mbale n'kumuuza kuti akazi amalekeza pageti. Malata anali aatali, osaonetsa kanthu. Chimene ankaona ali pa benchi yake ku msika ndi nsonga ya mango yokha, ndipo tsiku lonse maso ake ankakhala pamenepo, mpaka ogula kumuseka kuti wagwa m'chikondi.

Lachiwiri masana nsonga ija inagwedezeka, inapendekeka, n'kusowa.

Apo Felistus anati mwambo ukhale pambali, amuuza. Koma pakamwa pa munthu pamene patsekedwa zaka ziwiri sipatseguka tsiku limodzi. Lachitatu anayamba kuti abambo, pali nkhani, Patson n'kuyankha kuti achedwa, kapitao amatseka geti seveni koloko. Lachinayi mawu anafika pa lilime n'kubwerera, poti anakumbukira chala cha Zelipa. Lachisanu anafunsa mozungulira kuti ngalande yafika pati, ndipo Patson anati kumbali ya kumapeto sanathe, mizu ya mango ikuvuta. Felistus anapuma. Anati Loweruka amaweruka masana, amukhazika pansi, amuuza zonse, ndipo Lamlungu pamene palibe kapitao akalowa awiri, mlonda akamupatsa ya fodya.

Loweruka sanapite ku msika. Anasesa, anatereka madzi osamba, anakhala pakhomo akubwereza mawu ake ngati mwana wa katekisimu. Cha m'ma thu koloko Patson anatulukira akuimba mluzu, simenti ili mbuu m'tsitsi, dzanja limodzi atalibisa kumbuyo. Felistus anagwada kumulonjera, n'kunena kuti ali ndi nkhani yoti amve asanasambe. Patson anaseka n'kunena kuti nkhani idikire, iyeyo ndiye ali ndi nkhani, ndipo akazi osasamala ayenera kuyamika Mulungu amene anawapatsa amuna a maso.

Anatulutsa dzanja. Munali duku lobiriwira, lonyowa, litasuluka pang'ono, chipsera cha simbi chili pa ngodya pake.

Anasimba monyadira. Anati m'mawa uja anali pansi m'ngalande akusalaza makoma, ndipo atakweza maso anaona kansalu katasuzumira m'dothi cha pamwamba, pafupi ndi chitsa. Anakakoka ndi nsonga ya piki, ndipo atangoona chipsera analizindikira. Nayiloni ndi nayiloni, anatero, zaka ziwiri m'nthaka koma osawola, katundu wa ndalama zake. Ndiye silinatayikire ku msika ayi, linagwera kudzala pamodzi ndi phulusa. Analichapa pa mpope wa pantchito ndi sopo wa kapitao.

Felistus sanalilandire. Anafunsa, mawu ali pansipansi, ngati linali lomanga.

Patson anati inde, mfundo ziwiri, wina anakulungamo zinyalala. Anamasula n'kukutumula. Munali dothi lakuda ndi tizinthu toyera tating'onoting'ono, ngati tamafupa ta nkhunda. Tinagwera pamapazi pake m'ngalandemo. Analibe nthawi yoyang'ana, poti kapitao anali kukuwa kuti onse atuluke, mawilibala a konkire afika. Athira mbali yonseyo lero, ndipo pofika Lolemba ikhala itauma gwa.

Anamaliza akumwetulirabe, dukulo ali nalo m'manja. Kenaka anayang'ana nkhope ya mkazi wake. Anayang'ana duku, anayang'ana mfundo zimene zinasiya makwinya, ndipo kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Patson sanali chitsiru. Anali mwamuna amene anaphunzitsidwa kusafunsa, ndipo anaphunzira bwino. Anakhala pansi pa dothi ndi ovolosi yake.

"Bwanji sunandiuze, Felistus?"

"Bwanji simunafunse?"

Madzi osamba anali kuwira pa mbaula mpaka chivundikiro kugwedera, koma palibe anadzuka. Felistus analira tsopano, kulira kumene anamuletsa zaka ziwiri zapitazo, ndipo anatchula dzina mokweza koyamba, kuti anali Judith, anali ndi tsitsi lambiri ngati la atate ake. Ataleka anapukuta m'maso ndi chitenje n'kutambasula mkono wake, chala chili pa chigongono.

"Zelipa analekeza apa. Inu mwalekeza pati?"

Patson anaimirira mwapang'onopang'ono, anakweza dzanja limene linali ndi duku, n'kulipitiriza pamwamba pa mutu wake.