Lalanje Lopendekeka

A Japhet Chimwaza ankadana ndi zinthu ziwiri pa dziko lino: chinthu chopendekeka, ndi mwana wofunsafunsa akuluakulu. Ku Bedfordview, ku Joni, komwe ankagwira ntchito ya m'dimba kwa madamu wina wachizungu, kamtengo kakangoyamba kupendekeka ankakakhomera chikhomo pambali n'kukamangirira mpaka kaphunzire khalidwe. Mwana wawo Maureen anamulera chimodzimodzi. Wamkulu akalankhula, mwana amati "ndamva", nkhani n'kutha.

Ndiye Lachisanu lina mu Julaye, Maureen atanena kuti Lolemba akauza aphunzitsi kuti polowa giredi teni sayansi aisiya, bambowo anakhumudwa kwambiri. Anali atauza kale mpingo wonse, ndi abale onse a ku Ntcheu pa foni, kuti mwana wawo adzakhala dokotala. Komanso, tinene zoona, ankamukonda mwanayo kwambiri, ndipo ankaopa kuti adzathera m'makhitchini a Bedfordview monga amayi ake.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa.

"Imandivuta, adadi."

"Aphunzitsi akamaphunzitsa, umawauza kuti sunamve?"

"Ayi."

"Ndiye kuti umamva. Umenewo ndi ulesi basi."

Maureen anaweramitsa mutu nati, "Ndamva." Nkhani inathera pomwepo, koma Lolemba linali likubwerabe.

Mpingo wawo unkapemphera m'galaja kuseri kwa shopu ina ku Primrose, ndipo a Chimwaza anali mkulu wa mpingo. Lamlungu limenelo kunali chilengezo. Gertrude, mtsikana wa mumpingo momwemo yemwe ankachita maphunziro apamwamba pa yunivesite ina m'tauni, anapempha kuti makolo ndi ana atsalire akaweruka. Kafukufuku wake anali wofuna kudziwa mmene munthu amamvetsera sayansi: kodi mfundo imalowa bwino akaimva m'mawu, akaiona pachithunzi, pagalafu, kapena akaigwira ndi manja? Asanapite nazo kumasukulu ankafuna kuyeserera kaye pa anthu akwawo.

Gertrude atatuluka kukatenga katundu wake, a Chimwaza anaimirira, n'kukoka jekete, n'kutsokomola.

"Abale, mwana wathuyu akulemba mayeso aakulu. Tisamuchititse manyazi. Akafunsa kuti mwamva, yankho ndi limodzi: tamva. Kaya zikuvuta, kaya zili m'Chigiriki, tamva. Mwanayu akakhoze. Mwamva?"

"Tamva!" unayankha mpingo, ndipo iwo anakhala pansi mtima uli m'malo.

Gertrude anabwera ndi mapepala aakulu, babu la chingwe chachitali, sipoko ya njinga ndi malalanje awiri. Funso lake linali losavuta: n'chifukwa chiyani mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira chonchi? Anthu anali atavala zipewa zaubweya ndi mabulangeti pamiyendo, choncho funsolo linawafika pamtima.

"Dzuwa limapita kutali," anatero a Chimwaza, poti funso loyamba ndi la akulu.

"Zikomo amalume. Nanga madamu anu mu Juni amakhala kuti?"

"Amathawira ku Ingalande. Amati kumeneko ndi nthawi yotentha."

"Dzuwa ndi limodzi. Likapita kutali ndi ife, ku Ingalande kukutentha bwanji?"

A Chimwaza anayang'ana kudenga. Amene anawapulumutsa anali Mayi Jennet, mayi wa chigwirizano yemwe ankachapa ndi kusita m'nyumba zitatu ku Germiston ndipo sankasunga mawu m'kamwa. "Ndiye kuti limawatsatira azunguwo," anatero. "Nalonso lili ndi pasipoti."

Gertrude anaseka, nayamba ndi mawu. Anawerenga pang'onopang'ono kuti dziko limazungulira dzuwa litapendekeka, ndipo chifukwa cha kupendekekako mbali ina imalandira kuwala kowongoka ndi masana aatali pamene inzake ikulandira kuwala kodzera m'mbali. A Chimwaza anamva mawu amodzi okha, akuti dziko n'lopendekeka, ndipo sanawakonde.

"Mwamva?"

"Tamva!"

Kenako anamata chithunzi pakhoma: dzuwa pakati, ndi timipira tinayi tolizungulira, kalikonse katabayidwa ndi mzere. Mayi Jennet anaweramira kwa mnzawo n'kunong'ona, kunong'ona kwawo komveka mpaka kumsewu: "Maiko anayi? Ife tili pa liti?" A Chimwaza anawaponyera diso loti mayiwo anakonza duku lomwe linali bwinobwino.

"Mwamva?"

"Tamva!"

Galafu inali ya mizere iwiri, wofiira wa Joni ndi wobiriwira wa London, yosonyeza kutalika kwa masana mwezi ndi mwezi. Wina ukakwera, wina unkatsika. Kwa a Chimwaza mizereyo inkangooneka ngati milu ya mchenga wa m'migodi imene amaiona ali pa takisi. Anagwedeza mutu mwanzeru, ndipo mpingo unayankha "tamva" asanafunsidwe n'komwe, mwamphamvu ngati ameni wa pa Pasaka.

Gertrude anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapempha mnyamata wina womanga nyumba, William, kuti afotokoze zimene galafu ikunena. William anati mzere wofiira ndi wa malipiro. Anafunsa mayi wina za chithunzi chija. Mayiyo anati n'chokongola. Mtsikanayo anakhala pabenchi, mapepala ali pamiyendo, maso atayamba kufiira.

"Abale anga, zimenezi ndikazionetsa kwa ondiyang'anira adzati ndapeka ndili pabedi. Anthu onse amva zonse, koma palibe amene angandiuze kanthu?"

"Aa, nanga si a Chimwaza anatiuza?" anatero Mayi Jennet. "Anati tiziti tamva kuti iwe ukakhoze."

A Chimwaza anamva kutentha m'makutu ngakhale kunali chisanu chotere.

"Amalume," anatero Gertrude, osakalipa, "ine sindikufufuza ngati muli aulemu. Ndikudziwa kuti muli aulemu. Ndikufuna kudziwa pamene munthu amasokerera. Wina mawu amamubisira zimene chithunzi chimamuonetsa. Wina chithunzi chimamunamiza, monga amayi aona maiko anayi pamene ndi dziko limodzi pa nyengo zinayi. Zimene ananong'ona amayi zija ndiye golide wanga. Munthu wamvetsa akatha kunyamula mfundo kuichotsa pachithunzi n'kukaipeza pagalafu. Mukandibisira posokerera panu, ndithandiza ndani?"

Mayi Jennet anakhala mowongoka, poti kuyambira pamene anabwera ku Joni palibe anawauzapo kuti m'kamwa mwawo mumatuluka golide.

Panatsala njira yachinayi. Gertrude anauza William kuti atsitse chitseko cha galaja, n'kuika babu loyaka pampando pakati. Atafuna malalanje ake anapeza limodzi lokha. Linalo Mayi Jennet anali atalisenda kalekale n'kugawana ndi anzawo, poganiza kuti ndi zoziziritsa kukhosi za ochita nawo kafukufuku.

"Mwadya dziko losungira, amayi," anatero Gertrude. "Latsalali tilisamale."

Anabaya lalanjelo ndi sipoko kuyambira pansi mpaka pamwamba. Chakumunsi analemba kadontho kofiira, Joni. Chakumwamba kobiriwira, London. Kenako anafunsa amene anyamule dziko, ndipo a Chimwaza anaimirira msanga, kufuna kubweza ulemu umene unatayika. Malamulo anali awiri: azungulire babu, ndipo sipoko ikhale yopendekeka, mutu wake ukuloza pakona pamene panali wotchi ya mpingo, kaya iwo ali mbali iti.

Anayamba ulendo mkulu wa mpingo, suti ndi tayi, lalanje patsogolo ngati akupereka mphete. Asanafike pa theka, sipoko inali itaima chilili. Sanachite dala. Manja omwe akhala zaka zonsezi akuwongola mitengo ya madamu sakanatha kuyenda ndi chinthu chopendekeka anthu akuona.

"Amalume, lapendekekeni."

Analipendeketsa. Masitepe angapo, lawongoka.

"Amalume."

"Likuwongoka lokha!"

Ana anayamba kuseka m'mabulangeti. Ulendo wachitatu a Chimwaza anapendekeka iwo eni, mutu ndi phewa, sipoko ili njo m'manja. William anatuluka misozi. Bambowo anazungulirabe, chizungulire chikuwagwira, babu likuwathobwa m'maso, mumtima akudandaula kuti Mulungu wolenga zinthu mwadongosolo sangasiye dziko lonse lili chopendekeka popanda ngakhale chikhomo.

Gertrude anawaimitsa. "Tsopano amalume, mwamva?"

Yankho linali kale pamilomo, poti linkatuluka lokha ngati mpweya. Koma kuseri kwa babu anaona Maureen atakhala kumapeto kwa benchi. Mutu anali ataweramitsa, maso ali pansi, milomo yokonzeka. Inali nkhope ya Lachisanu ija. Ndipo a Chimwaza anaidziwa nkhopeyo, chifukwa ndi yomwe iwo anaivala kuyambira pa mawu, pachithunzi, mpaka pagalafu: nkhope ya munthu waulemu yemwe m'mutu mwake muli mdima. Chinthu chinawabaya pamtima.

"Ayi," anatero. Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Sindinamve. Mawu aja sindinamve. Timipira tija sindinamve. Mapiri aja ndiye kaya. Ndipo lalanje ili likungondizunguza mutu."

Gertrude anawomba m'manja ngati amupatsa mphatso. Ndiye panabuka phokoso. Aliyense anafuna kunena zimene sanamve, ena mpaka kupikisana kuti wasokera kwambiri ndani. Mtsikanayo ankalemba ndi changu, akumwetulira.

Pakati pa phokosolo dzanja linakwera pang'onopang'ono. Linali la Maureen. Anayang'ana kaye bambo ake, ngati wopempha chilolezo choswa mbale.

"Anti Gertrude, adadi akaliwongola lalanje, mizere ija ya pagalafu imatani?"

"Sindikuuza. Bwera udzaone wekha."

Maureen anagwira dzanja la bambo ake n'kuwayendetsa, sipoko ili chilili, iye akupotokola lalanje kuti kadontho kofiira kazilowa m'kuwala ndi kutuluka. Mbali zonse za babu kadonthoko kankakhala m'kuwala mofanana. Kenako anapendeketsa sipoko kuloza kuwotchi, n'kuwayendetsanso. Mbali imodzi kadontho ka Joni kankangosuzumira m'kuwala n'kubwerera mumdima, pamene ka London kankawothera. Atafika mbali inayo zinasinthana. Mwanayo anathamangira kukhoma n'kuika chala pamzere wofiira pamene unatsikira.

"Eish! Apa ndi pamene adadi anaima paja! Chigwa ichi ndi Juni, masana aafupi. Likawongoka mizere yonse igona pansi, sipakhala phiri, sipakhala chisanu!" Anatembenukira kuchithunzi. "Ndipo timipira tinayiti ndi adadi omwewa, ataima malo anayi."

"Ndiye kuti a Chimwaza akanakhala Mulungu bwenzi kulibe chisanu," anatero Mayi Jennet. "Bwanji sanakupatseni ntchitoyo?"

A Chimwaza ankayang'ana mwana wawo. Anali asanamumvepo akulankhula mawu ambiri chonchi pamaso pa akuluakulu, ndipo anadabwa kuti sakumva manyazi. Ankamva kunyada, ndi chisoni pang'ono.

Pobwerera a Chimwaza ndi Maureen anadutsa pa renki pokwerera matakisi, dzuwa la Julaye likuwala koma losatenthetsa. Lalanje linali m'thumba la jekete, poti Gertrude anawapatsa kuti Mayi Jennet asalione.

"Kusukulu," anayamba bambowo, "aphunzitsi akafunsa ngati mwamva..."

"Ndimati yes ma'am. Iwo n'kupitiriza."

"Kuyambira liti?"

"Giredi seveni."

Anayenda mpaka pa shopu ya munthu wina wa ku Somalia. Zaka zonsezo mwana ankabwera kunyumba ndi mdima m'mutu, iwo n'kumamuyamikira kuti ndi wakhalidwe.

"Nanga mawa ukawauza chiyani?"

"Ndikhoza kuitenga sayansiyo. Koma ndizifunsa, adadi. Ena aziti ndine wovuta."

A Chimwaza anaima, n'kukoka jekete monga amachitira polengeza. "Uzifunsa. Akakuuza m'mawu osamva, uziti ajambule. Akajambula osamva, uziti abweretse lalanje. Uzifunsa mpaka mphunzitsiyo atope, koma mwaulemu, dzanja m'mwamba, osati ngati Mayi Jennet. Wamva?"

Maureen anawayang'ana m'maso, kumwetulira kukubisala pakona pa mlomo.

"Ayi adadi, sindinamve bwino. Bwerezani."

Bambowo anatsegula pakamwa kuti akalipe, poti chizolowezi sichifa tsiku limodzi. Kenako anatseka, n'kupuma, n'kuyambiranso kuchokera pachiyambi.