Thabwa la M'khola la Mbira

"Zonenepazo ziphedwe, anthu adye," anatero Esime, mpeni uli kale m'manja. Mlamu wake Luciano anali ataikidwa dzulo lake, ndipo abale anali asanabalalike pamudzi paja ku Namwera.

Keti, mkazi wa malemuyo, anatchinga pakhomo la khola la mbira. "Achemwali, dikirani kaye."

"Ndidikire chiyani? Munthu ankatenga shuga ndi mafuta olandira othawa nkhondo n'kumadyetsa mbira, iwe ukumwa tiyi wowawa! Taona mmene waonderamu. Tikapita kwathu ku Nkopola ndikakunenepetsa."

Aa, koma Esime sankamudziwa Luciano! Nkhondo isanamuthamangitse kwawo, ankasamalira nyama zoyeserapo mankhwala mu labotale ina ku Maputo. Keti atapezeka ndi matenda a shuga, kuchipatala anamuuza kuti asiye zotsekemera, azidya mgaiwa. Iye anakanitsitsa, ati mgaiwa ndi wa akaidi. Luciano sanakangane naye. Anangogawa khola pakati ndi thabwa. Mbira za uku ankazipatsa madeya ndi kholowa, za uko phala la ufa woyera lothira shuga ndi mafuta. Miyezi itapita, za phala zija zinanenepa bwinobwino, koma zinkangowodzera pambali pa mbale ya madzi, zinzake zikuthamangathamanga.

"M'thupi muli insulini," ankatero Luciano m'Chichewa chake chopindikapindika. "Ntchito yake ndi kuchita odi, kuti shuga achoke m'magazi alowe m'minofu. Ukachulutsa zonona ndi zotsekemera, minofu imagontha. Odi! Odi! Woyankha palibe."

"Nanga thabwalo mudzachotsa liti?" Keti anafunsapo tsiku lina monyoza.

"Tsiku lomwe udzayankhe odi wanga."

Koma Keti sanasinthe. Pakhomo ankamwa tiyi wowawa, koma akapita kwa anzake ankathira shuga mpaka supuni kuima, ndipo mapazi anali atayamba kuchita dzanzi. Luciano ankadziwa. Ankangokhala naye pakhonde n'kumamwa nawo wowawawo, chonsecho iyeyo sankadwala shuga, ndipo zotsekemera ankazikonda ngati mwana. Malungo ndiwo anamutenga.

Esime anaika mpeni pansi, n'kubwera ndi kapu ya tiyi kuchokera kumoto. "Tamwa, upeze mphamvu. Ndathira shuga wokwanira. Wokuletsa palibenso."

Mawu otsirizawo anamulasa Keti pamtima. Anayang'ana mbira yaikulu ya mbali ya phala itagona chammbali, ikupuma movutikira, mlomo uli m'madzi. Anayang'ana mapazi ake. Kapu ija anaibweza.

"Wanga musamathire, achemwali. Ngakhale ku Nkopolako."

"Iwe Keti, wayamba misala ya amuna ako?"

Keti anagwada m'khola. Thabwa lija linali litalimba ndi dothi, moti analigwedeza ndi manja onse awiri lisanazuke. Anakhuthula phala lotsala, n'kumwaza kholowa pakati. Kenaka, misozi ikutsika, analankhula motsitsa ngati woyankha odi wa mlendo pakhomo.

"Lowani, bambo."