Dzanja Lamanzere la a Mhango

Kalata inafika pa 3 Epulo 2006, ndipo a Dinah anaiwerenga kawiri asanaibweze kwa amuna awo. Bungwe limene a Weston Mhango ankagwirako ntchito ya umesenjala kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri linali litagula njinga yamoto. Makalata sazidzayendanso pa njinga yakapalasa. Mesenjala akhale ndi layisensi pofika pa 30 Juni. Akapanda kutero, ntchitoyo ipita kwa wina amene ali nayo kale.

Bungwelo linalipira maphunziro khumi ndi mayeso amodzi. Wophunzitsa anali Che Musa, makaniko wa ku Biwi amene ankatengera ophunzira ake pa bwalo la mpira kuseri kwa magalaja. Zobwereza zonse zinali za m'thumba mwa a Mhango, ndipo wolephera ankauzidwa kudikira masabata atatu asanayesedwenso.

A Mhango analephera Lachiwiri pa 16 Meyi. Anadikira masabata atatuwo, nalepheranso pa 6 Juni. A Dinah anayang'ana kalendala ya tchalitchi yomwe inali pakhoma m'nyumba mwawo ku Kawale: tsiku lotsatira linali 27 Juni, ndipo kupitirira apo panalibenso lina.

A Dinah anali mayi oti loko ikakana kutseguka amaimasula kuti aone chimene chagwira m'kati. Kulephera kwa amuna awo kunawadandaulitsa, komabe kunawadabwitsa kwambiri, chifukwa kawiri konse kunachitikira pamalo amodzi.

"Bambo a Temwa, chimachitika n'chiyani kwenikweni?"

"Ndakuuzani kale. Zokhota pakati pa migolo ndimakhoza. Kenako woyesa uja amakweza dzanja kuti ndiime mwadzidzidzi. Ndimagwira buleki, njinga osaima."

"Njinga yake yomwe ija ya Che Musa?"

"Yomweyo."

"Nanga ku Biwi imaima bwanji?"

"Kaya. Mwina ku Biwi imaopa mwini wake."

Loweruka pa 10 Juni a Mhango analipira phunziro lapadera, K500, ndipo a Dinah anati apita nawo. Anakwera pakaliyala ya njinga yakapalasa ija monga ankachitira Lamulungu lililonse popita ku tchalitchi.

Che Musa anawalandira akupukuta manja ndi kansalu ka oyilo. "Amayi, madala awa ine ndilibe chowaphunzitsanso. Ndikungowadyera ndalama. Taonani nokha." Anatembenukira kwa a Mhango. "Madala, mukafika pa tayala lija muime."

A Mhango anavala chipewa cholimba cha pa njinga yamoto, naliza njinga, nayenda mowongoka bwino. Atafika pa tayala anaima ngati munthu wobadwira panjinga. Anabwereza kasanu, osaphonya.

"Mwaona?" anatero Che Musa.

"Ndaona. Kodi woyesa uja naye amawauziratu poima?"

"Ayi. Iye amangoti nthawi ina iliyonse ndikweza dzanja."

"Ndiye auzeni angozungulira bwaloli. Musawauze china."

A Mhango anazungulira kawiri. Kachitatu, akudutsa pafupi, a Dinah analowa m'bwalo mapazi awiri n'kukweza ambulera yawo m'mwamba. Injini inalira kwambiri, njinga osachepetsa liwiro. Inawadutsa, inadutsa tayala, n'kukaima pafupi ndi golo, a Mhango akukwekweretsa nsapato zonse ziwiri m'fumbi.

"Ndinagwira buleki," anatero atabwerera. "Che Musa, mwaona nokha. Ndinagwira."

Che Musa anagwada, nayesa buleki ya kuphazi, nayesa ya kudzanja lamanja. Zonse zinali bwino. Iye ankayang'ana matayala nthawi imene zinkachitika, monga amachitira makaniko. A Dinah ankayang'ana munthu. Anaona phewa lamanzere la amuna awo likutsika pang'ono, ndipo kutsika kwakeko ankakudziwa, koma sanakumbukire kumene anakuona.

Anakukumbukira pobwerera. Ali pakaliyala, akutsetsereka pa msewu wolowera ku Kawale, minibasi inatulukira mwadzidzidzi kuchokera pa siteji. Phewa lamanzere lija linatsika pamaso pawo penipeni, njinga n'kuima nji.

A Dinah anatsika. Anazungulira kutsogolo, nafinya kachitsulo ka buleki ya kumanja. Kanangolowa kopanda kugwira chilichonse. Atawerama anapeza kuti timphira ta buleki ya kutsogolo kunalibe n'komwe.

"Buleki iyi inafa liti?"

"Imeneyo? Kale. Chaka cha mavoti oyamba aja."

"1994."

"Yakumbuyoyi imakwana. Ndakugwetsanipo ine?"

"Simunandigwetsepo. Tembenuzani njinga, tibwerere ku Biwi."

Anamupeza Che Musa akumwa tiyi pakhomo pa galaja yake. A Dinah anapita pa njinga yamoto, naloza kachitsulo ka kumanzere. "Aka kamagwira ntchito yanji?"

"Kilatchi, amayi. Mukafinya, injini imasiyana ndi tayala. Ndi yosinthira magiya."

"Njinga imaima?"

"Ayi, imangoyenda yokha ngati wilibala yotsika phiri."

Pamenepo anamuonetsa njinga yakapalasa. Che Musa anafinya kumanja, nafinya kumanzere. Kenako anaika kapu pansi n'kuyamba kuseka chapansipansi.

"Madala, zaka khumi ndi ziwiri mukuima ndi dzanja limodzi? Ndiye ine ndimati ndithana nazo ndi maphunziro khumi?"

"Ine ndimadziwa kuti kumanzere ndi kilatchi," anatero a Mhango, atakhumudwa pang'ono. "Munandiuza tsiku loyamba."

"Inuyo mumadziwa," anayankha a Dinah. "Mukauzidwiratu, mumaganiza kaye. Akakudzidzimutsani, dzanjali silikufunsani."

A Mhango anayang'ana dzanja lawo lamanzere, nalitembenuza uku ndi uku ngati la munthu wina.

Che Musa anati phunziro lina silithandiza, popeza njinga yamoto amaikwera ola limodzi pa sabata pomwe yakapalasa amaikwera tsiku lonse. Anatenga timphira tatsopano n'kukonza buleki ya kutsogolo. Kenako anadula kathabwa, nakalowetsa pakati pa handulo ndi kachitsulo ka kumanzere, nakamanga ndi mphira ya chubu mpaka kachitsuloko sikanathenso kufinyika.

"Kumanja ndi buleki pa njinga zonse ziwiri. Muziyenda pang'onopang'ono, makamaka potsetsereka. Mwatsala ndi masiku khumi ndi asanu ndi awiri."

A Dinah anali ndi funso lina. "Nanga akaima osagwira kilatchi n'komwe?"

"Injini imazima."

"Amalepheretsa nazo?"

"Amene ndawaona ine amayang'ana pamene tayala laima. Koma sindingalumbire, amayi. Woyesa ndi munthu."

Lolemba a Mhango analowa ndi njinga mu mpanda wa maluwa wa aneba. Lachitatu anabwera kunyumba bondo la thalauza litang'ambika, ndipo sananene chimene chinachitika. Sabata yachiwiri a Dinah anayamba kuwadikirira madzulo pa ngodya zosiyanasiyana za m'Kawale, lero pa chigayo, mawa kuseri kwa okala ya makala, n'kumatulukira ndi ambulera m'mwamba. Amayi ogulitsa tomato ankaleka malonda kuti aonerere. A Dinah ankangoyang'ana phewa. Pa 19 Juni linatsika. Pa 21 linagwedezeka chabe. Kuyambira pa 23 silinasunthenso.

Lachiwiri pa 27 Juni, a Dinah ndi Che Musa anaima kunja kwa waya wa bwalo la mayeso. A Mhango anali achinayi pamzere. Anakhota pakati pa migolo osakhudza ngakhale umodzi, nazungulira, nabwera molunjika. Woyesa, bambo wamtali wonyamula fayilo, anawasiya adutse theka la bwalo. Kenako anakweza dzanja.

Njinga inagwada kutsogolo n'kuima. Injini inatsokomola kamodzi, n'kuzima.

Woyesa anayenda kuchokera pomwe anakwezera dzanja mpaka pa tayala la kutsogolo, akuwerenga mapazi. Analankhula mawu ochepa. A Mhango anaponda chitsulo cholizira koyamba, kachiwiri, ndipo kachitatu injini inalira. Woyesa analemba m'fayilo nthawi yaitali ndithu, nang'amba pepala, nawapatsa.

A Mhango anatuluka pageti akukankha njinga, pepala lili m'thumba la shati. A Dinah analitulutsa okha n'kuliwerenga kawiri. Anali atakhoza. Bungwe linali kudzalandira pepalalo kutatsala masiku atatu.

"Amakuuzani chiyani paja?" anafunsa.

"Amafunsa ngati dzanja lamanzereli linavulalapo. Akuti ndinaima zala zonse zili tambalale m'mwamba."

"Munayankha chiyani?"

"Ndinati likuchira."

Che Musa anatenga njinga yake, navala chipewa. A Mhango anapita kukamasula yakapalasa pa mtengo pomwe anaikhoma, kathabwa kaja kakadali pahandulo. A Dinah anatsalira, akufinya ndi kusiya kachitsulo ka kumanzere ka njinga yamoto, khutu atalitchera ku injini.

"Che Musa, m'kati mwa kilatchimu muli chiyani chimene chimasiyanitsa injini ndi tayala?"

"Timbale, amayi. Timagwirana, n'kusiyana."

"Tingati?"

"Bwerani Loweruka m'mawa. Pali ina ndikuyenera kumasula."