Dzanja la a Burashi

Anthu ankangowatchula kuti a Burashi, chifukwa zikwangwani zonse za masitolo a mumsewu umenewo ankalemba ndi iwo. Ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo azilemba ngati papalasa nkhuku? Aa, zimenezo sakanalola. Chimwalirireni mkazi wawo, ntchito ya kusukulu ya kamtsikanako ankayang'anira okha.

Akaweruka ankamukhazika pa chitini cha penti, iwo n'kugwada kumbuyo kwake, n'kufumbata kadzanja kake pamodzi ndi pensulo.

"Fewetsani dzanja, mayi wanga, musalimbane nane," ankatero. Zilembo zinkatuluka zowongoka bwino, zosiririka.

Pa masamu ndiye kunalibe kudikira. Mwana akangoyamba kupinda zala, iwo mtima unkawawa. "Naini! Lembani naini." Chifundo chinapha nkhwali, koma ndani akanawauza?

Chaka chitatha, aphunzitsi anawaitanitsa. Mwana walephera mayeso, abwereza kalasi.

Anafika ovolosi ili penti yekhayekha, atafufuma ndi ukali.

"Aphunzitsi, mwasokoneza mapepala inu. Ntchito ya kunyumba mumachonga nokha, sanalakwitsepo!"

Aphunzitsiwo, mayi wofatsa wotopa ndi ana, sanawatsutse. Analemba samu imodzi pa bolodi, folo kuphatikiza faifi, n'kupereka choko kwa mwanayo.

"Akapeza yankho, n'kulemba dzina lake m'munsimu, ndimukweza kalasi lero lomwe."

"Basi? Tiyeni mayi, aonetseni!"

Mwana anapita pa bolodi. Anayang'ana samuyo, anayang'ana zala zake, kenaka anapendeketsa mutu kutchera khutu kumbuyo. A Burashi naini uja anafika pakamwa, anamumeza.

"Chabwino, yamba ndi dzina," anatero aphunzitsi motsitsa mawu.

Mwanayo anagunditsa choko pa bolodi, osachisuntha. Kamkono kanali m'mwamba, kusiya mpata woti dzanja lina lilowe. Apa m'pamene a Burashi anazindikira chimene anamuphunzitsa chaka chonse chija, ndipo manyazi ndi chisoni zinawagwira pamodzi. Anabisa manja m'matumba a ovolosi.

Mwana anadikira. Kenaka anacheuka, misozi ili lengelenge, osamvetsa chimene walakwa.

"Ababa, bwerani. Ndafewetsatu."