Waya Wamoyo

A Ambrosi anandimenya padzanja mwamphamvu ndithu, mpaka pulayala yanga inagwera mu ufa. Ndinali nditatsegula bokosi loyatsira mota pa chigayo cha a Hussain ku Ndirande, zala zitatsala pang'ono kukhudza waya wofiira.

"Mwathimitsa pati, mwanangu?"

Ine Jesinta, mtsikana yekhayo m'kalasi la zamagetsi la 1996, setifiketi ili m'chikwama, ndinali ndisanathimitse. Ndipo si kuti ndinaiwala ayi, sindinazolowere. Ku koleji tinkalumikiza mawaya pa thabwa lomwe chikhomereni silinalaweko magetsi. Waya tinkaugwira ngati tikusadzula nkhwani, aphunzitsi n'kumayeza ndi rula ngati makona awongoka. Mota ya chigayo tinkangoijambula ndi choko, poti imodzi yomwe inalipo ankaitsekera kuopa kuti tingaiononge.

Tsikulo linali londiyesa. A Hussain anali atanena kuti chigayo chomwe chinafacho chikalira dzuwa lisanalowe, ntchito yosamalira zigayo zawo zinayi ndi yanga, popeza a Ambrosi, mmisiri wawo wakale wa ku Nsanje, maso anali atayamba kuchita nkhungu. Panja amayi anali pamzere ndi madengu a mphale, ena akuseka kuti lero ufa tiusinja mumtondo basi.

A Hussain anasuzumira pakhomo n'kufunsa chomwe chachitika. Ndinadziwa kuti zanga zada. Koma a Ambrosi anayankha mosatekeseka kuti mtsikanayu akuyamba wayeza kaye, monga amachitira odziwa ntchito. Bwana atachoka, anandipatsa tesita yawo yothethekatetheka kuti ndiigunditse pa waya uja. Kanyali ka m'kati kanayaka psuu. Magetsi analimo.

Anandilamula kuti ndithimitse, ndizule mafyuzi, ndiwaike m'thumba la ovolosi yanga. Ati fyuzi yosiya pawindo imapeza munthu wachifundo woibwezeramo iwe manja ali m'kati. Kenako anati ndinunkhize m'bokosimo. Ine kudabwa, zaka zonsezi kusukulu palibe anandiuzapo kuti mphuno ndi chida! Munkamveka fungo la chinthu chopserera, ndipo tinapeza kuti ufa unadzaza pa timano tolumikiza magetsi mpaka timanoto tinapsa.

Apa sukulu yanga inagwirako ntchito. Timanambala ta pa mawaya ndi chithunzi cha pachitseko cha bokosilo a Ambrosi sankaziona, ine ndinkaziwerenga ngati katekisimu. Iwo mphuno ndi makutu, ine maso. Tinasintha timano topsa tija, ndipo cha m'ma folo chigayo chinalira, amayi onyoza aja n'kuyamba kukankhana pamzere. Ntchito ndinaipeza.

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo, koma a Ambrosi inkawadyabe mumtima. Patatha mwezi anakweza mota yakupsa m'pikapu ya bwana n'kuti ndiwaperekeze ku koleji kwathu. Ndinachita manyazi, munthu wosadziwa n'kulemba komwe akukalangiza aphunzitsi! Anaitsitsa pamaso pa a Onesimo, mphunzitsi wanga, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ana anuwa mutu mumawapatsa, sindikana. Koma mukuwalera pa waya wakufa. Kunjaku waya ndi wamoyo. Uyu ndinatsala pang'ono kukubweretserani m'bokosi."

A Onesimo anandiyang'ana. Kenako anapempha madalawo kuti azibwera Lachisanu lililonse, ndi chilichonse chakupsa chomwe angatole m'zigayo za m'Blantyre muno.

Zala khumi zomwe ndadyetsera ana anga ndi mphatso ya a Ambrosi, ndipo sindinawathokoze mokwanira. Lachisanu loyamba ndinapita nawo kuti ndiziwawerengera manambala. Thabwa lathu lija anali atalilumikiza ku magetsi. Madalawo sanayambe ndi mawu, anangogunditsa tesita pa waya wofiira, kanyali n'kuyaka. Ophunzira makumi awiri, oti alandira masetifiketi mwezi wotsatira, anabwerera m'mbuyo onse pamodzi, manja atabisa kumbuyo.