Dothi la Kuseri kwa Fakitale

Mimba ya Dailesi itakwana miyezi inayi, chilakolako cha dothi chinamugwira koopsa. Kwawo ku Balaka zimenezi sizidabwitsa munthu, mayi woyembekezera amangogula timibulu tadothi pamsika. Koma kutsidya kwa nyanja ku Rotherham, m'chaka cha 2006, dothi lotere akanalipeza kuti? Paliponse panali phula ndi simenti.

Mwamuna wake, Overtone, anali munthu wachikondi koma wosakonda kufunsa nzeru kwa ena. Anapeza malo kuseri kwa fakitale yakale m'mbali mwa mtsinje, pomwe waya wa mpanda unaduka. Dothi lake linali losalala bwino. Loweruka lililonse ankapitako ndi supuni yaikulu ndi jumbo.

Malowo anali zii. Mbalame sizinkatera, ndipo kukumba konseko sanaonepo nyongolotsi ngakhale imodzi. Udzu unkalekeza pamzere umodzi ngati wina waumeta ndi lezala. Akamaumitsa dothilo mu uvuni, nyumba yonse inkanunkha parafini. Overtone ankachita tsemwe, koma ankadziuza kuti dothi la kwa eni limanunkha choncho.

Loweruka lina m'mawa kunachita nkhungu. Atadutsa pawaya paja anaima chilili. Anthu atatu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope zobisika, anali atazungulira dzenje lake osayankhulana. Mmodzi ankathira dothi m'botolo. Wina anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana. Overtone anataya jumbo n'kuliyatsa liwiro.

Patatha sabata ziwiri, pakhomo panagwa kapepala kochokera kukhonsolo, kali ndi chithunzi cha dzenje lija.

"Atipeza," anatero Overtone. "Nkhani yathu ya mapepala sinathe. Akangodziwa kuti ndine, ndi ndege yobwerera kwathu basi."

Dailesi anali atatha masiku mutu ukumuwawa, m'mimba mukupotokola. Mantha ake anali pa mwana. Anaitana a Constance, namwino wa kumpingo kwawo amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yawo.

A Constance anawerenga kapepalako kawiri. "Awa si a imigireshoni, achimwene. Boma lapereka ndalama kukhonsolo kuti ayeze malo onse akale a mafakitale m'mbali mwa mtsinje, achotse dothi loipa, kenako amangepo nyumba ndi paki. Ovala zoyera aja ndi oyeza dothi. Apezamo mtovu, chitsulo chapoizoni, ndiye akufuna kudziwa amene akukumbapo kuti amuchenjeze."

Kenako anayang'ana Dailesi. "Asisi, mwayamba liti kudya?"

"Epulo."

A Constance anaika kapu ya tiyi pansi osamwako.

"Tingosiya mwakachetechete," anatero Overtone. "Palibe adziwe."

"Kusiya ndi bwino, koma zomwe zalowa kale m'magazi bwanji? Mwana ali m'mimbamu sakudikira mapepala anu. Mawa ndili ofu, tipitira limodzi kwa mzamba. Ndipo mundiuze zoona, dothili mumadya nokha?"

Overtone anawerama. Anali atagawirako amayi ena awiri oyembekezera a kumpingo, Asimenye ndi Tinenenji, ndipo iwo ankamuthokoza ngati wawabweretsera mphatso yochokera kumudzi. Manyazi anamugwira, koma tsiku lomwelo anakwera basi kukawauza.

Amayi atatu onsewo anayezedwa magazi. Mwa Dailesi anapeza mtovu wokwererapo, komanso magazi ochepa, zomwe mzamba anati nthawi zambiri zimayenda limodzi ndi chilakolako cha dothi. Anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi n'kumamuyeza pafupipafupi. Anzake aja anali atadya pang'ono, ndipo anapezeka bwino.

Overtone anaimba nambala ya pakapepala paja. Kunabwera bambo Thompson a kukhonsolo, ndipo za pasipoti sanafunse n'komwe. Anangopempha kuti awalozere ponse pamene anakumba ndi njira imene ankalowera. Sabata yomweyo mpanda unakonzedwa, ndipo zikwangwani zochenjeza zinaikidwa, china m'Chichewa cholembedwa ndi a Constance. Chaka chotsatira malole anayamba kututa dothi loipalo.

Mwana anabadwa wamkazi, dzina lake Mtisunge. Madokotala anamutsatira zaka ziwiri, ndipo anakula bwino.

Uthenga ndi uwu: malo akale a fakitale angaoneke opanda mwini, koma dothi lake likhoza kukhala ndi poizoni. Musakumbepo, musalimepo, ana asasewerepo. Oyeza malo akabwera auzeni zimene mukudziwa, ndipo mayi wolakalaka dothi auze mzamba msanga.

Overtone ananena zomwezi pamaso pa mpingo wonse, mwana ali m'manja.

"Abale, ine ndinkakumba chifukwa cha chikondi," anatero. "Ndikanapitiriza kukhala chete, dzenje lija likanakhala manda a mwana uyu."