Mpando wa a Zakeyu pa Kamwendo

Linali tsiku la msika pa Kamwendo. Consolata ankadutsa pa sitolo ya Ismaili, mtanga uli pamutu, pamene anauona mpandowo pakhonde. Anaima chilili.

Ismaili, yemwe ankagula zinthu zakale m'midzi n'kumagulitsa kwa anthu a m'tauni, ankausisita pamaso pa bambo wina wa ku Lilongwe wovala tayi.

"Uwu ndi wa mafumu a Angoni, bwana. Taonani kudaku! Unachokera ku Chipata azungu asanabwere."

"Angoni ake ati?" analowerera Consolata. "Mpando uwu anapanga ndi bambo anga, malemu a Zakeyu a ku Mkanda, ataphunzira ukalipentala kumishoni."

"Mayi, mipando imafanana," anatero Ismaili.

"Imafanana eti?" Consolata anatula mtanga n'kuutembenuza mpandowo. "Mulibe msomali ngakhale umodzi, zikhomo zamtengo zokhazokha, kapangidwe ka kumishoni. Mtengowu ndi mlombwa. Mwaupaka polishi ya nsapato n'kuufukiza utsi!"

Anakanda ndi chikhadabo, kufiira kwa mlombwa kunaonekera.

"Nanga kadzenje ka pamkonoka? Bambo ankaikapo kapu ya tiyi. Mafumu anuwo ankamwa tiyi azungu asanabwere?"

Amayi ogulitsa tomato anaphulika kuseka. Bambo wa tayi anapisa manja m'thumba n'kulowera kugalimoto yake.

"Mwandithamangitsira kasitomala!" anakalipa Ismaili. "Ine sindinabe. Anandigulitsa ndi Vitus wa ku Mkanda komweko, akuti ndi wake."

Vitus anali mlongo wake wa Consolata. Pogawa katundu wa malemu, amalume anapatsa Vitus njinga ndi wailesi, Consolata n'kumupatsa mpando. Sabata yathayo Vitus anaubwereka, ati alendo a pachinkhoswe akhalirepo. Kuugulitsa kunali kulakwa ndithu, koma chimene chinamuwawa koposa n'chakuti ntchito ya manja a bambo ake inali itaperekedwa kwa mafumu opeka.

Anauimika mpandowo, nakhalapo, n'kupinda manja.

"Kamutengeni Vitus. Pano sindidzuka."

"Amayi inu, ku Mkanda n'kutali!"

"Pokagula munafikako bwanji?"

Anthu anadzaza khonde lonse, ofuna sopo ndi mchere n'kusowa polowera. Ismaili anawayang'ana, anayang'ana Consolata, kenako anatseka chitseko cha sitolo n'kutulutsa njinga yake, akung'ung'udza.

Polishi inayamba kumata pa chitenje chake chatsopano. Consolata anaiona, koma sanasunthe.